Mtanda wa a Katekisiti pa Msewu wa ku Clonmacnoise

Ndisanatchule msewu, mvula kapena injini, ndiyambe ndayamika Mulungu Atate, amene anatitulutsa m'nyumba zathu ndi miyendo iwiri n'kutibwezanso ndi miyendo yomweyo. Ndimuyamikanso chifukwa satopa ndi anthu opusa. Ndikunena izi modziwa, pakuti wopusa pa ulendo umenewu ndinali ine, ndipo anandichitira chifundo anzanga anayi akuona.

Ndimakhala ku Tyrrelstown, kuno ku Dublin, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo Lamulungu masana timasonkhana m'nyumba mwanga ngati mphakati. Anandisankha kukhala tcheyamani, choncho aliyense amangonditcha a Tcheya. Mmodzi mwa ife ndi Tadala, namwino wa ku Beaumont. Atabereka mwana, mayi ake, Mayi Nachisale, anabwera kuchokera kumudzi kudzathandiza chikuta. Anakhala nafe miyezi itatu, akupemphera nafe ndi kutikonza nyimbo zimene tinali titazipotoza. Sabata yawo yomaliza itakwana, ndege ili Lolemba, anatsegula chikwama chawo pamaso pa mphakati wonse natulutsa chinthu chokulungidwa m'nsalu yoyera.

Unali mtanda wa mtengo wa mlombwa, wotalika ngati mkono wa munthu, wokhala ndi mkombero pakati pomwe mitengo iwiri imapingasana. Anausema ndi malemu amuna awo, amene anali a katekisiti komanso kalipentala. Kale ku mishoni ya kwawo kunali wansembe wochokera kuno ku Ireland. Dzina lake linkavuta lilime, moti anthu anangomutcha Bambo Kanjinga, mpaka dzina lenilenilo linaiwalika. Ndiye anawakwatitsa, ndiye ananyamula Mayi Nachisale pa galimoto ya mishoni tsiku limene mimba yoyamba inavuta. Wansembeyu anapatsa a Katekisiti kachithunzi ka mtanda wamwala, kumbuyo kwake kutaima nsanja, nati, "Kwathu ndi kuno." A Katekisiti anayamba kusema wofanana nawo kuti amupatse, koma asanamalize Bambo Kanjinga anadwala, anamutengera kwawo, ndipo uthenga umene unabwera pambuyo pake unali wa maliro.

"Bambo anu awa asanatsikire kuli chete," anatero Mayi Nachisale akuyang'ana Tadala, "anandiuza kuti, mwana wathu ali kudziko lomwelo. Mukadzapitako mukapereke mtandawu kwa Bambo Mfumu wa kumeneko. Mukapereke m'manja, munene kuti zikomo. Musakausiye pakhomo ngati kalata."

Kachithunziko kanali katafumbwa, koma kuseri kwake kunali kusindikizidwa dzina: Clonmacnoise. Ndinalilemba pa foni. Mapu anati ndi ola limodzi ndi theka. Chithunzi chinatuluka, mtanda womwewo, nsanja yomweyo, pansi pake mawu oti nyumba ya amonke. Ndinafuula aleluya n'kuzimitsa foni osawerenganso mzere wina. Kwathu pomwe pali mtanda ndi nsanja pamakhala ansembe, masisitere, chipatala ndi chigayo. Ana athu ophunzira a ku Drumcondra ndikanawafunsa akanandiuza zoona pa mphindi imodzi, koma tcheyamani wanji wofunsa ana asukulu njira ya ku tchalitchi? Ndinaimirira n'kulonjeza kuti Loweruka Mayi adzagwirana chanza ndi mkulu wa amonke.

Kwa ansembe sitipita chimanjamanja. Mayi a Chisomo, akunyumba kwanga, anagula mpunga wa Kilombero, shuga, thireyi ya mazira, ndi nkhuku yolimba ija ya ku shopu ya Afirika, youma gwa ndi chisanu. Iwo ankafuna yamoyo, koma Dublin yense alibe munthu wogulitsa tambala womangidwa miyendo. Tinaiika m'bokosi la ayezi. Amayi anavala zitenje za tchalitchi pamwamba pa majekete, ine ndinavala suti ya pa ukwati wanga imene batani lake lapakati linasiya kale kundimvera.

Galimoto inali ya a Zulu, mnzathu wa ku Chipata, amene amatiimbira besi m'kwaya. Ndi ya mipando seveni, yokalamba, ndipo mwini wake amailankhula ngati mkazi wake. Tinasonkha twente yuro aliyense ya mafuta. Tinapangana eyiti koloko. Tinanyamuka ku Beaumont teni itadutsa, chifukwa mwana anafunika kuyamwa, bambo ake anafunika kulangizidwa katatu za botolo, ndipo Mayi Nachisale anabwerera m'nyumba kukasintha mpango poti woyambawo sunali woonekera nawo pamaso pa Bambo Mfumu.

"Titseke maso tipemphere," ndinatero injini italira.

"Kupatula adalaivala," anatero mayi a Chisomo.

"Ine nimapemphera na diso imodzi, mulamu," anayankha a Zulu. "Inayo ni ya apolisi."

Mwezi unali wa Novembala, mvula ikuwaza ija yosanyowetsa msanga koma yosaleka. Tisanafike ku Lucan, a Zulu analengeza kuti iwo salipira pa geti ya msewu waukulu. Anati ndalama imeneyo ndi ya buledi, ndipo akudziwa msewu wakale umene ndi waufupi. Tinakhota. Ku Maynooth tinazungulira raundabauti imodzi katatu, amayi ali pakati pa korona, mpaka Mayi Nachisale anaima pakati pa pemphero n'kufunsa ngati dziko lino lili ndi tchalitchi zitatu zofanana. Titadutsa Kilcock tinapeza thirakitala yokoka mitolo ya udzu yokutidwa ndi pulasitiki yakuda, ndipo tinaitsatira mwaulemu ngati tikuperekeza maliro mpaka ku Enfield. Palibe anadandaula. M'galimotomo munali chisangalalo cha ana opita ku ukwati. Tinaimba nyimbo yolonjera ansembe, tinaibwereza, tinakangana ngati amonke amaloledwa kuvina, ndipo mayi a Chisomo anagamula kuti akamva nthungululu adzavina okha.

Ku Kinnegad tinaima kuti anthu adzithandize ndi kumwa tiyi. Mayi Nachisale anapereka moni kwa aliyense amene anali pa mzere wa shopu, mmodzimmodzi, ndipo azungu aja anawayankha bwino lomwe, wina mpaka anawauza za bondo lake. Pobwerera m'galimoto anatulutsa kapepala. Tadala anali atawalembera mawu a Chingerezi oti akanene popereka mtanda, ndipo anali akuwaloweza kwa masiku atatu.

"A Tcheya, khalani apo. Inu ndinu Bambo Mfumu."

Ndinakhala tsonga, manja pamimba. Ananena mawu awo onse, akulumpha ena, ena akuwakoka ngati chingamu. A Zulu analira belu ndi supuni pa fulasiki. Ine ndinadalitsa anthu onse ndi ndasi lomwe linali m'dzanja langa, ndipo tinaseka mpaka Tadala anatsamwa ndi tiyi. Koma Mayi sanaseke. Anapinda kapepalako bwinobwino nati, "Ndikangopereka, ndikagona tulo. Chichokereni bambo anu sindinagonepo tulo tenitenti."

Tinadutsa Tyrrellspass. Tisanafike ku Kilbeggan, pamalo pomwe panalibe nyumba koma mipanda ya zitsamba ndi ng'ombe, fungo lina linalowa m'galimoto.

"Wina akuphika," anatero mayi a Chisomo.

Nthunzi inatuluka kutsogolo ngati chofukizira cha pa Misa yaikulu. A Zulu anaimika pambali pa geti ya munda, natsika akunena kuti, "Iwe mayi, wanichita bwanji pamaso pa alendo?" Paipi yamadzi ya injini inali itang'ambika, mpata wolowa chala. Anati tidikire izizire. Tinadikira. Ng'ombe zinabwera kudzatiyang'ana, zoposa khumi, zitandanda pa geti ngati akuluakulu a mpingo. Mayi Nachisale anaziyamikira kunenepa, nafunsa kuti mbusa wake ali kuti. Tinadya mandasi. Mayi a Chisomo anatsegula bokosi n'kupeza kuti nkhuku yayamba kutuluka thukuta.

Patapita nthawi kunatulukira mwini ng'ombezo, bambo wofiira masaya, wovala nsapato za jombo. Anasuzumira mu injini limodzi ndi a Zulu, nanena kuti garaja yapafupi inatseka wani koloko poti ndi Loweruka. A Zulu sanatekeseke. Anakweza mpando wakumbuyo natulutsa mphira zodula ku tchubu cha njinga, zimene anabwera nazo kuchokera ku Chipata. Anakulunga paipi ija, kukoka, kukulunganso, kumanga mfundo ndi mano. Mlimi uja anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Anati wakhala ndi mathirakitala moyo wake wonse koma zoterezi sanazionepo. Anatitungira madzi pa mpopi wa ng'ombe, ndipo ine ndinapita naye kukanyamula chigubu.

Ndi pamenepo anandifunsa komwe tinkapita titatchena chonchi. Ndinamuuza monyadira kuti tikukaona amonke a ku Clonmacnoise, ndipo ndinafunsa ngati mkulu wawo amalandira alendo Loweruka masana.

Anandiyang'ana. Anayang'ana suti yanga. Kenako anaseka mpaka anagwira mpanda.

"Mwachedwa pang'ono, bwanawe," anatero. "Mwachedwa ndi zaka mazana angapo. Kulibe mmonke kumeneko. Ndi mabwinja, miyala ndi manda. Ndi malo okongola, musandimve molakwa. Koma mukafuna wokulandirani, ndi mtsikana wogulitsa matikiti."

Madzi anasefukira m'chigubu n'kundinyowetsa nsapato, ine osamva. A Zulu anali atabwera kumbuyo kwanga ndipo anamva zonse. Anakhala pansi pa udzu wonyowa, mapewa akugwedezeka, misozi ikutsika.

"Ba Tcheya," ananong'ona, "manje nkhuku tizapasa ndani? Mizimu?"

"A Zulu, chonde."

"Na mazira thireyi yonse!"

"Ndikupemphani m'dzina la Ambuye, tsekani pakamwa. Ndiwauza ndekha."

Tinabwerera m'galimoto. Amayi anayambanso nyimbo yolonjera ansembe, ndipo a Zulu anaimba besi mwamphamvu kuposa kale, akundiyang'ana pa galasi. Ine ndinali ngati mneneri uja anatumidwa kumzinda wina iye n'kukwera chombo cholowera kwina: ndinkadziwa kuti namondweyu ndi wanga, koma kudziponya m'madzi kunkandivuta. Ndege inali Lolemba. Lamulungu Tadala anali pa shifiti. Tsiku lina loti n'kufufuza bwino panalibe, ndipo dzina lenileni la Bambo Kanjinga panalibe wolidziwa.

Ku Kilbeggan tinaima kuthira madzi. Ku Moate tinaimanso, ndipo ndinakokera mayi a Chisomo kuseri kwa galimoto n'kuwaululira. Anandiyang'ana monga amandiyang'anira ndikaiwala kutulutsa bini ya zinyalala.

"Munawerenga mpaka pati pa foni paja?"

"Ndinaona chithunzi."

"Chithunzi." Anapumira m'mwamba. "Ine ndagula nkhuku ya anthu akufa. Muwauza nokha, bambo a Chisomo. Ine pakamwa panga mulibe."

Ndinayesa. Titangochoka ku Moate ndinatembenuka n'kuyamba kuti, "Mayi, nthawi zina munthu amakonza zake koma Mulungu..." Iwo anandidula nati, "Zoona, a Tcheya, taonani mmene watitumizira mlimi uja," n'kundifunsa ngati pogwada ayambe ndi bondo lamanja. Ndinati lililonse. Msewu unachepa mpaka zitsamba zinayamba kukwapula magalasi mbali zonse. Dziko linasanduka dambo lakuda lopanda malire. Tinasochera kamodzi, tinabwerera chambuyo mtunda ndithu kupatsa njira lole ya mkaka, tinathiranso madzi. Ulendo wa ola limodzi ndi theka unatitengera maola asanu. Itadutsa fili koloko, Tadala anakuwa kuti, "Nsanja iyo!" Mayi a Chisomo, ngakhale ankadziwa zonse, analephera kudzigwira ndipo anaimba nthungululu.

Poimika magalimoto panali basi imodzi ya alendo ojambula zithunzi. Mayi Nachisale anakonza mpango, anafungatira mtanda wawo, nauza a Zulu kuti asenze bokosi la nkhuku. Apo ndinaona kuti nthawi yatha. Ndinagwada pa phula lonyowa, ndi suti yomwe.

"Mayi, ndakulakwirani. Kuno kulibe Bambo Mfumu. Kulibe amonke. Anachoka kalekale, agogo a agogo athu asanabadwe. Ndinaona chithunzi chokha osawerenga. Ndadziwa tili pa ng'ombe paja, ndipo ndinachita mantha kukuuzani."

Tadala anagwira pakamwa. A Zulu anatsitsa bokosi pang'onopang'ono. Mayi anakweza maso kuyang'ana nsanja, nafunsa:

"Nanga belu amaliza ndani?"

"Palibe, Mayi."

"Mishoni yonseyi?"

"Yonse."

Anayang'ana nsalu yoyera ija m'manja mwawo. Ndinkayembekeza kuti alira kapena andikalipira, ndipo kukalipirako ndikanakulandira mokondwa. Anangoti, "Dzukani, mukuononga thalauza. Tafika kale. Tiyeni tikaone kwawo kwa Bambo."

Mtsikana wa matikiti anatiuza mokoma mtima kuti nthawi yatsala yochepa. Mtanda weniweni wa pa chithunzi anaulowetsa m'nyumba kuuteteza ku mvula, panja anaimikapo wofanana nawo. Tinaupeza utaima m'chipinda chowala pang'ono, wautali kuposa anthu awiri, nkhani za chipulumutso zitasemedwa pa mwala kuyambira pansi mpaka pamwamba. Mayi anamasula nsalu nakweza wawo. Mkombero womwewo, kadenga komweko pansonga. A Katekisiti anali atatsatira ngakhale pomwe mwala unagumuka, poganiza kuti ndi mmene anaupangira. "Sanaphonye," anatero Mayi, ndipo anamwetulira koyamba chitsikireni m'galimoto.

Titatuluka panja tinaona matchalitchi ang'onoang'ono opanda madenga, nsanja ziwiri, ndi mtsinje wa Shannon utatambalala kumunsi. Alendo a m'basi aja ankayenda pakati pa miyala akujambulana. Mayi anaponda masitepe awiri n'kuima.

"Awa ndi manda. Tapempha kwa ndani?"

Ndinawaonetsa tikiti.

"Tikiti si mwini manda, a Tcheya."

Kwathu munthu salowa kumanda a eni popanda eni ake kumutsogolera, ndipo Mayi sanaone chifukwa chosinthira zimenezo poti awoloka nyanja. Anaima pomwepo maso akuyendayenda. Kenako analoza ndi chibwano kuseri kwa mpanda wamiyala, komwe kunali manda ena a miyala yonyezimira.

"Tadala, maso angawa. Zofiira izo ndi chiyani?"

"Ndi maluwa, amayi."

"Apulasitiki?"

"Ena ndi enieni."

"Udzu ndi wotchetcha. Maluwa ndi a dzulo kapena dzana. A Tcheya, mwati kuno ndi bwinja. Anthu amasamuka pamudzi, inde, koma manda akamasesedwa ndiye kuti eni ake sali kutali. Ndipo uno ndi mwezi wa mizimu ya okhulupirira. Wina abwera. Tikadikire pa chipata."

Tinazungulira mpaka pa kachipata ka manda atsopanowo. Mayi anayala chitenje pa mwala nakhala, mtanda pamiyendo. Ife tinaima mowazungulira ndi mpunga, shuga, mazira ndi bokosi lodontha madzi. Mvula inalimbikira. Basi ya alendo inanyamuka. A Zulu anandinong'oneza kuti mphira yawo sinayendepo mumdima, ndipo dzuwa la Novembala silichedwa. Tadala anati, "Amayi, mwina tingousiya kwa mtsikana wa matikiti uja, ndi munthu wabwino." Mayi anayankha kuti mtsikanayo ndi wantchito, si wapakhomo. Ine ndinatulutsa korona wanga. Sindinapemphe chozizwitsa. Ndinangoti, Ambuye, kupusa ndi kwanga, musalipiritse mayi wamasiyeyu.

Tinali pa chigawo chachinayi pamene kagalimoto kofiira kanaima mopingasa, tayala limodzi m'ngalande. Munatsika mayi wokalamba, wamfupi, wovala kapulasitiki kumutu, atanyamula ndowa ndi sizasi yodulira maluwa. Atationa anaima. Ndikhulupirira kuti pa moyo wake anali asanapezepo anthu asanu ndi thireyi ya mazira pa chipata cha manda.

"Mwasochera?" anafunsa.

Tadala anafotokoza, ine ndikuthandizira pomwe sindinafunike. Mayiyo anati dzina lake ndi Nora, ndipo anabadwira m'mudzi womwewo. Anafunsa dzina la wansembe. Tinati Kanjinga, n'kumasulira. Anaseka nati theka la ansembe a m'dera limenelo linkayenda pa njinga. Sankamudziwa. Anati masiku amenewo nyumba zambiri za kumeneko zinapereka mwana, wina wansembe, wina sisitere, ndipo ambiri sanabwerere. Kenako anatikodola kuti timutsate.

Mayi Nachisale anadzuka msanga. Mwini manda anali atatiitana.

Anatifikitsa pa mwala wa makolo ake. Pansi pa mayina awiri panali lachitatu. "Uyu ndi mchimwene wanga," anatero. "Dzina lokha ndi lomwe lili pano. Thupi lili ku Nigeria. Ananyamuka ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, anabwerako kawiri, kenako tinalandira kalata. Mayi athu anamwalira akufunsa ngati kumeneko kuli womuikira duwa. Palibe anabwerapo kuchokera kumeneko kudzatiuza kanthu."

Tadala atamasulira, Mayi Nachisale anapukusa mutu mwamphamvu. "Uwauze kuti kwathu manda a ansembe timalima chaka chilichonse mwezi uno. Amayi a mpingo timapita ndi makasu ndi matsache, timaimba, timawatchula mayina amene tinawapatsa. Ku Nigeria sindinafikeko, koma kuli amayi ngati ife. Achimwene awo sagona pathengo."

Mayi Nora anaika ndowa pansi.

Ndiyeno Mayi Nachisale anagwada, bondo lamanja poyamba, pa miyala yonyowa. Kapepala ka Chingerezi kanatsala m'thumba. Analankhula Chichewa, Tadala akumasulira pambuyo. Anati anatumidwa ndi amuna awo kwa Bambo Mfumu, koma apeza kuti Bambo Mfumu kulibe. Anati mwana amene anatumidwa kwathu sanachokere m'miyala iyi, anachokera m'nyumba ngati ya Mayi Nora, momwe munatsala mbale yopanda mwini. "Ndiye zikomoyu ndi wanu. Mulandire m'malo mwa onse a pakhomo pano. Mwana wanu anafika, anagwira ntchito, ndipo ife tilipo." Anakweza mtanda ndi manja awiri.

Mayi Nora anachita manyazi kwambiri. "Dzukani, mayi, chonde dzukani, ine si bishopu!" Anayesa kuwakoka, analephera, ndipo posowa chochita anagwada nawonso. Analandira mtandawo, anausisita pa mkombero, nalira mosabisa. Amayi awiriwo anagwirana mapewa mvula ikuwagwa. Pofuna kudzuka, mawondo a onse awiri anakana. Ine ndinagwira mmodzi, a Zulu anagwira mnzake, tinawerenga mpaka fili, ndipo batani lapakati la suti yanga linathothoka n'kukagwera m'ndowa. Anayamba kuseka ndi Mayi Nora, misozi ili m'masaya. Mayi a Chisomo anaimba nthungululu pakati pa manda a eni, ndipo nyimbo yolonjera ansembe imene tinaiyeserera kuchokera ku Maynooth tinaimbira mayi wovala kapulasitiki kumutu.

Mphatso zinazo Mayi Nora anakana katatu, ife tinakakamira kanayi. Atatsegula bokosi anafunsa kuti mbalameyi inamwalira ndi ukalamba kapena bwanji. Mayi a Chisomo anamulangiza kuti aiphike maola atatu osaitsegulatsegula. Iye anati ndiye tikamwe tiyi kwake, ndipo sitinakane. Kukhitchini kwake anasuntha wotchi pa shelefu naimika mtanda wa a Katekisiti pambali pa chithunzi cha mnyamata wovala mkanjo woyera, ataima pansi pa mtengo wa mango. Anati mawa apita nawo ku Misa kuti anthu a m'mudzimo auone, makamaka mabanja amene anapereka ana. Mwana wa mchemwali wake, amene amakonza mathirakitala, anabwera ndi paipi ina, koma anapempha kuti mphira ya a Zulu aisunge.

Pobwerera tinadzera msewu waukulu, ndipo pa geti a Zulu analipira osawiringula. Tisanafike n'komwe ku Moate, Mayi Nachisale anapinda nsalu yoyera ija kanayi, yopanda kanthu tsopano, naiika m'chikwama. Ndinawamva akunena motsitsa, osati kwa ife, "A Katekisiti, ndapereka m'manja." Anatsamira pa phewa la Tadala. Pofika ku Kilbeggan anali akuliza mkonono woposa injini, ndipo mayi a Chisomo anatiletsa tonse kuimba mpaka ku Dublin.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, Mulungu amene anayenda nafe pa msewu wakale uja ayende nanunso. Ngati mwasenza mawu a munthu amene anapita, akupatseni masiku okwanira kuwafikitsa. Akutumizireni mlimi pomwe galimoto yafera, ndi mwini pakhomo pomwe mukuyesa kuti ndi bwinja. Akhululukire atsogoleri anu akamaona chithunzi osawerenga. Asunge manda a abale anu amene agona kutali, ndipo inu akupatseni tulo tabwino. Amen.